A Chete ndi Wotchi ya Gogo Nora

A Chete apita. Tinawaika m'manda Loweruka lathali, mvula ikuwaza monga mwa masiku onse kuno ku Dublin, ndipo ife Amalawi amene tinalipo tinasowa mtengo wogwira pa nkhani imodzi: tiimbe kapena tisaimbe? Munthu ameneyu anathera moyo wake wonse kuletsa anthu phokoso. Mkazi wanga Nabanda ndiye anadula mlandu. Anati, "Atitseka pakamwa zaka zonsezi bambowa, lero tione ngati adzuke kudzatiletsa," n'kuyambitsa nyimbo, ife tonse n'kuvomera. Ine ndinaseka misozi ili mbwee, chifukwa ndinkawaona m'maganizo atatukula chala, nsidze zili m'mwamba.

Dzina lawo lenileni linali Malachy, ife n'kumati a Malaki, koma limene linakakamira ndi la a Chete. Anali mzungu wa konkuno, wobadwira ku Crumlin komweko kumene anatsirizikira. Ali mnyamata anapita ku Malawi kukaphunzitsa ukalipentala pa mishoni ina cha ku Dedza, ndipo anakhalako mpaka Chichewa chinawalowa m'mafupa. Koma Chichewa chake, abale! Cha agogo athu. Ukawapatsa moni ankawomba m'manja n'kuti "Wawa," ngati mwakumana panjira ya kudimba, chonsecho muli pa siteji ya basi mukunjenjemera ndi chisanu.

Matenda awo aakulu anali nyimbo. Ankayendayenda ndi makina ojambulira mawu, kusaka nkhalamba za kuno zoimba nyimbo za makolo awo, zija zoimba munthu mmodzi popanda ng'oma kapena gitala, zambiri m'Chiairishi, chinenero chawo chakale. Ankati nkhalamba iliyonse ikamaikidwa m'manda pamakhala nyimbo zimene zalowa nayo m'bokosi, ndipo ntchito yawo inali kufika msanga bokosilo lisanakhomedwe.

Ine ndinagwa m'manja mwawo zaka zija chuma cha dziko lino chinagwa chagada. Ntchito yanga ya m'nyumba yosungira katundu ku Blanchardstown inatha m'mawa umodzi, nyumba zimene zinkamangidwa kwathu ku Tyrrelstown zinaima zopanda mawindo, ndipo ana a eni dziko anayamba kuthawira ku Australia. Tsiku lina titatuluka Misa, mdala uja anandigwira mkono.

"A Phiri, inu muli ndi galimoto koma mulibe ntchito. Ine ndili ndi ntchito koma ndilibe maso. Nanga tikudikira chiyani?"

Ndinayesa nthabwala. Lolemba lake ndinapezeka ndasenza chimakina cholemera ngati thumba la simenti, cha matepi aja ozungulira pa mawilo awiri. Timakina ta masiku ano tolowa m'thumba la malaya sankatikhulupirira. Ankati chinthu chosaoneka kuti chikuzungulira sungadziwe ngati chikumva.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali ndi mwambo wake. Tikafika pakhomo, makina ankatsala m'galimoto. Tiyi kaye. Kufunsa za miyendo, za ng'ombe zimene zinagulitsidwa kalekale, za amene anamwalira chaka chatha. Ankati zimenezi anaziphunzira ku Dedza, kuti munthu sufikira kutchula chimene wadzera, ndipo ndikayamba kuyang'ana kunja ankanditsina pabondo n'kunong'ona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma nkhalamba ikangovomera kuimba, eee, munthu wofatsa uja ankasanduka msilikali. Filiji, zula. Ketulo, chotsa pamoto. Galu, panja. Wotchi ya pakhoma ankaitsitsa ikuyendabe, kuikulunga m'bulangete ngati khanda, ine n'kupita nayo kuchipinda china. Kenako chala m'mwamba: "Chete!" Tsiku lina tinabwerera tili kale pakati pa njira chifukwa anakumbukira kuti sanalumikizenso filiji ya eni ake, ndipo njira yonse ankadandaula za batala wa anthu.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti wojambula asamveke. Tepi ndi ya woimba. Chifuwa chikawagwira ankakhosomolera m'chipewa, nkhope itafiira ngati phwetekere, koma osatulutsa mawu. Ankanyadira kuti m'matepi awo onse, chiyambire ali mnyamata, simungapeze ngakhale kupuma kwawo.

Apa ndi pamene ankakanganirana ndi Nabanda. Mkazi wanga ndi wa kwaya, sadziwa kumva nyimbo manja ali m'thumba. Ankawauza maso ndi maso kuti nyimbo yopanda ovomera ndi umasiye, munthu kuimba yekha anzake atangoti duu ngati akumuzenga mlandu. Iwo ankayankha kuti kuno kuvomera kwake ndi kumvetsera, ndipo Amalawife vuto lathu timaopa bata ngati ndi njoka. Nabanda n'kuti, "Nanga inu zaka zonse zija ku Dedza munkangoti chete anthu akuvina?" Iwo n'kuseka mpaka kutsokomola, koma osagonja. Mkangano umenewu unkayambanso Lamlungu lililonse ngati sunachitikepo.

Chuma chawo chonse chinali m'kashedi kuseri kwa nyumba yawo ku Crumlin. Mashelefu anakhoma okha, paja anali kalipentala, ndipo matepi anadzaza kuyambira pansi mpaka kudenga. Pakona panali kauvuni. Tsiku loyamba kulowamo Nabanda anamva kutentha n'kusangalala kuti mdala watiphikira masikono. Atatsegula, munali matepi! Chinyezi cha dziko lino chimachititsa matepi akale kumatirira, ndiye ankawaotcha pa kamoto kochepa kwambiri kuti aume, atheke kuseweredwanso n'kukoperedwa. Nabanda mpaka lero amati sanakhululuke za masikono aja. M'shedimo munalinso wotchi yawo ya chikale, ya kachitsulo kolendewera kopita uku ndi uku. Iyi yokha sankaikulunga. Akafuna kutimvetsera tepi ankangoikhudza ndi chala n'kuima, ife n'kudziwa kuti pano wina ayamba kuimba.

Panali tepi imodzi imene mlendo aliyense ankaimva, afune asafune. Anaijambula asanapite ku Malawi, m'khitchini mwina kumadzulo kwa dziko lino, ku Connemara. Woimba anali mayi wachitsikana dzina lake Nora. Nyimboyo, monga ankatimasulira, inali ya mayi amene mwana wake wamwamuna anakwera sitima ya pamadzi kupita kutali kukafuna ntchito, n'kusiya nsapato zake zakumunda pafupi ndi moto. Mayiyo tsiku ndi tsiku ankazipukuta. Mawu a Nora ankakwera mopyapyala, kukhotakhota, tsitsi n'kukuimirira ngakhale sukumva chinenerocho. Ndiye pakati penipeni, mayi uja atangomva kugogoda pachitseko, phwa! Tepi inatha.

"Ndinamuuza kuti ndibweranso sabata yamawa," ankatero a Malaki nthawi zonse, akuyang'ana mawilo akuzungulira opanda kanthu. "Sabata yamawa yakeyo ndinali pa ulendo wa ku Malawi. Zengerezu adalinda kwawukwawu, a Phiri."

Atabwerako anapeza khitchini ija ilibe denga, banja lonse linasamukira ku England. Anafunsa oimba onse amene anakumana nawo, palibe ankaidziwa nyimboyo. Inali ya banja la Nora lokha, yochokera kwa agogo ake. Zaka fote ndi kuposa mdala ameneyu ankagona n'kudzuka ndi funso limodzi: anagogoda uja anali ndani? Mwana uja anabwerako kapena ayi?

Tsono mverani zimene Mulungu amachita. Nabanda ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba ina ya nkhalamba kufupi ndi chipatala cha St James's. M'mawa wina akupesa gogo wina watsopano, wosayankhulayankhula, wamaganizo ongobwera n'kupita, anamva gogoyo akung'ung'udza. Chipeso chinagwa. Anathamangira panja n'kundiimbira foni akupuma mwabefu.

"Bambo a Chisomo, kawatengeni a Chete! Nyimbo ya nsapato ija ili kuno! Dzina lawo ndi a Nora!"

Nditawauza, a Malaki anavala jekete mopidigula, n'kuyamba kufunafuna magalasi amene anali kale pamphuno. M'galimoto ankangogunda dashibodi kuti ndithamange, munthu amene masiku onse ankandikalipira liwiro. Nthawi inalidi yochepa. Chifukwa cha mavuto a chuma aja nyumba ya nkhalambayo inali yoti itsekedwa kutha kwa mwezi, mwana wamkazi wa gogo Nora, amene anawabweretsa kuno kuchokera ku England, anali atamanga kale katundu wa ku Australia, ndipo gogoyo ankayembekezeka kutumizidwa kwa abale akutali kumadzulo. Kuwonjezera apo, Nabanda anati mutu wawo unkazima tsiku ndi tsiku.

Tsiku limenelo a Malaki anaphwanya mwambo wawo wonse. Tiyi sanamwe, za miyendo sanafunse. Mwana wa gogoyo atangovomera, makina anali kale patebulo. Gogo Nora anali pampando pafupi ndi windo, kamunthu kochepa, tsitsi loyera mbee. A Malaki atawalankhula m'Chiairishi maso a gogoyo anawala, milomo n'kuyamba kugwedera. Koma pakhoma panali wotchi yakale ya gogoyo imene anayenda nayo moyo wonse, yokhomerera ndi misomali, yosatheka kutsitsa. Inkangoti ke, ke, ke. A Malaki, mtima uli m'mwamba, anatambasula dzanja monga ankachitira m'shedi mwawo, n'kuikhudza ndi chala. Inaima.

Gogo uja anayang'ana wotchi, n'kutiyang'ana ife mmodzimmodzi. Nkhope inasintha. Anafunsa kanthu motsitsa mawu, kenako mokuwa, kenako anadzifunditsa shawelo kumutu n'kuyamba kulira kosatonthozeka. Mwana wawo anatitulutsa ngati agalu akuba, ndipo sindimunena, akanakhala mayi anga ndikanachita chimodzimodzi.

M'galimoto a Malaki anakhala nthawi yaitali atagwira mutu. Ndinawafunsa kuti gogoyo amati chiyani.

"Amafunsa kuti wamwalira ndani." Anadzutsa mutu. "Kwathu kuno, a Phiri, wotchi timaimitsa munthu akatsirizika m'nyumba. N'chifukwa chake m'nyumba za eni ndimaitulutsa ikuyenda. Ine mwana wa konkuno, amayi anga anaimitsa wotchi bambo anga atapita, ndikuona ndi maso angawa! Lero ndakalowa kwa nkhalamba yodwala n'kuiimitsira wotchi pamaso. Ndi uchitsiru wanji umenewu?"

Sindinawaonepo atasweka mtima chotero. Masiku otsatira sanalowe m'shedi, foni sankayankha. Amene anagwira ntchito anali Nabanda, mdani wawo wa Lamlungu lililonse. Pa shifiti iliyonse ankamunyengerera mwana wa gogo uja, mpaka tsiku lina anamubweretsera tepi yakale ija itakoperedwa, kuti amve mawu a mayi ake ali mtsikana. Mwanayo anamvetsera ataima pakhonde, n'kulira, n'kunena kuti tibwere kamodzi kokha, m'mawa gogo akangomwa tiyi, pamene mutu umakhala bwino. Koma wotchi isakhudzidwe.

Tinapita kutatsala masiku owerengeka kuti nyumbayo itsekedwe. M'makonde munali makatoni okhaokha. Ulendo uno a Malaki anamwa tiyi, makapu awiri, n'kucheza za ku Connemara, za mabwato ndi ndere za m'nyanja. Anayatsa makina mwakachetechete. Wotchi inkati ke, ke, ke, ndipo kugunda kulikonse nkhope yawo inkachita tsinya ngati akuwazula dzino. Gogo Nora anangokhala. Tepi ikuzungulira, ikudya bata lokhalokha. Kenako gogoyo anatambasula dzanja lawo lowonda, chikhatho chili m'mwamba.

Ine sindinamvetse, koma a Malaki anamvetsa. Kumadzulo kuja oimba akale ankaimba wina atawagwira dzanja, n'kumalizunguza pang'onopang'ono motsatira nyimbo, ngati mukupukusa chigayo cha manja. Pa tepi yakale ija amene anagwira dzanja anali malemu amuna a gogo Nora. A Malaki anayang'ana makina awo, amene sanalolepo munthu wina kuwakhudza akuzungulira, n'kuyang'ana dzanja lija. Anavula zomvera za m'makutu n'kundiveka ine.

"A Phiri, kasingano aka kasafike pofiira. Basi."

Anakoka mpando, anagwira dzanja lija, n'kuyamba kulizunguza. Gogo Nora anatsinzina. Abale inu, mawu anatuluka! Okalamba, onjenjemera, koma omwe aja, kukhota kwake komwe kuja. M'makutu mwanga ankamveka ngati akuimbira m'kati mwa mutu wanga. Mwana akukwera sitima, nsapato pafupi ndi moto, mayi akupukuta. Pakhomo Nabanda anali atadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Tinafika pa kugogoda paja, pamene tepi yakale inathera.

Gogo anaima. Anatsegula maso, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wotsika basi pamalo olakwika. Nyimbo yathawa.

Ndinayang'ana mawilo. Tepi yambiri inali itapita ndi kudikira kuja, pa wilo la kumanzere panatsala pochepa. Ndinayesa kuwakodola a Malaki, iwo anaona, thukuta lili kamukamu pamphumi. Kusintha tepi kukanadula zonse. Dzanja ankalizunguzabe, koma gogo anali atayamba kuyang'ana pawindo, akupita kutali.

Ndiye ndinamva chinthu chimene sindinachimvepo chibadwire. A Chete anaimba. Anabwerera mzere wa kugogoda uja n'kuuimba okha, pa maikolofoni, tepi ikuzungulira. Mawu ake, pepani malemu, anali ngati chitseko chosowa girizi. Anaphonya pokwera, anaphonyanso potsika. Gogo Nora anatembenuka mwaukali, n'kuwamenya kambama padzanja, n'kuwakalipira m'Chiairishi. Pambuyo pake a Malaki anandiuza kuti gogoyo anati, "Si choncho, chitsiru iwe, ukuiwononga!" Ndipo pofuna kuwaonetsa m'mene iyenera kukhalira, gogo anautenga mzere uja bwinobwino, n'kudutsa pa chitseko paja, n'kupitirira. Ndime ina, inanso, inanso, zimene munthu wina aliyense wamoyo sanazimvepo kunja kwa banja lawo. Misozi ya a Malaki inkagwera pa manja awiri ogwiranawo koma sanasiye kuzunguza. Ine maso pa tepi, ndikupemphera m'Chichewa kuti Ambuye italikitseni pang'ono. Mawu otsiriza gogo sanaimbe, anangowayankhula, monga amachitira oimba a kumeneko posonyeza kuti yatha. Pomwepo Nabanda analephera kupirira, nthungululu inaphulika pakhomo, ndipo isanathe, mchira wa tepi unatuluka n'kuyamba kukupiza.

Kunja, poimika magalimoto, mdala wa zaka zimenezo anavina. Anavinadi, chipewa m'manja, mapazi akuponda m'zithaphwi, anamwino akusuzumira m'mawindo.

"Anabwera, a Phiri! Anali iyeyo pachitseko! Anabwera!"

"Ndiye anawapeza amayi ake?"

Anaima, akupuma movutikira. "Ayi. Kugogoda koyamba kunali mphepo. Iye anadzagogoda atamera imvi. Anapeza chitseko chosakhoma, nsapato zili zopukuta, amayi ali kumanda." Anavala chipewa. "Koma anabwera."

Madzulo ake ndinaimbira foni amayi anga ku Ntcheu, tinacheza mpaka mayunitsi anatha.

Musaganize kuti mkangano unathera pamenepo. Sabata yomweyo ndinawapeza m'shedi ali ndi lumo m'manja, akufuna kudula kachigawo ka mawu awo n'kulumikiza tepi, kuti akatswiri osunga nyimbo asadzawaseke. Nabanda anawauza kuti akangodula asadzapondenso pakhomo pathu, ndiponso avomereze kuti tsiku lija nyimbo inapulumuka chifukwa munthu wina anavomera. Iwo anakana kwamtuwagalu, amvekere kuja sikunali kuvomera, kunali kukankha galimoto yokana kulira. Koma lumo analibweza m'kabati. Ankaitcha tepi yoipitsitsa pa matepi awo onse: wotchi ikugunda kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wojambula akulira ngati bulu pakati, Mmalawi akukuwa kumapeto. Ndipo ndi imene ankaiseweretsa mlendo aliyense kuyambira tsiku limenelo, akuseka pofika pa kambama paja. Gogo Nora anamwalira kumadzulo konko chisanu chisanathe.

Tsono pokonzekera maliro a Malaki masiku apitawa, mwana wa achemwali awo, amene ankawasamalira masiku otsiriza, anandifunsa ngati pali tepi imene akuyankhulapo, kuti abale amveko mawu awo. Munthu wojambula anthu moyo wake wonse, anati, sangalephere kudzijambula yekha. Ndinamuuza kuti asavutike kufufuza m'mashelefu monsemo. Ilipo imodzi yokha, mzere umodzi, woimbidwa molakwika.

Dzulo ndinapita ku Crumlin kukabweza kiyi wa shedi. Matepi onse anapita kale kumalo osungira nyimbo zakale m'tauni, monga iwo anafunira, chimakina chija n'kupita nawo limodzi. Mashelefu ali mbee, pangotsala mizere ya fumbi posonyeza pamene bokosi lililonse linkakhala. Kauvuni n'kozizira, chitseko chake chili pululu. Chipewa chokhosomolera chija chili pa msomali, bulangete lokulungira mawotchi a eni lili lopinda pampando. Wotchi yawo ikadali pakhoma. Mwana wa achemwali awo anaiimitsa m'mawa umene anatsirizika, monga mwa mwambo wa kwawo, ndipo palibe waiyendetsanso.

Ine nditangoona kachitsulo kaja kali chiimire, thupi langa linachita zimene linazolowera m'chipinda chimenecho. Ndinasiya kusuntha mapazi, ndinameza chifuwa, ndinagwira mpweya, kudikira kuti wina ayambe kuimba. Ndinaima choncho nthawi ndithu, kiyi ali m'manja.